FUNSANI ANTI: Keke ya zipatso mu slow cooker, nanga zothiramo fodya wamkuluzi?

Anti, moni wa kuno ku Joni. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndimagona kachipinda kakuseri ndipo mulibe uvuni, muli ka stovu ka mapuleti awiri basi. Abwana atagula poto watsopano anandipatsa slow cooker yawo yakale, poto wamagetsi uja wophika pang'onopang'ono, ndimaphikiramo nyemba ndi mang'ina. Ndiye ndamva kuti keke ya zipatso ija ya pa Khrisimasi imatheka m'menemo, zoona? Funso lachiwiri musandiseke. Abambo amene ndili nawo pa chibwenzi akuti tithiremo chamba pang'ono poti kuno nchololedwa, tidye ndi anzathu pa 25, theka linalo titumize kwa mayi anga ku Balaka pa transipota chifukwa amadandaula miyendo komanso sagona tulo. Akuti tisawauze mayiwo angakane poti ndi a Mvano. Muyeso wake ndi wotani kuti isapweteke munthu?

Wofuna kudziwa, Randburg

Achemwali, sindikusekani ayi, safunsa anadya phula. Tiyambe ndi kekeyo chifukwa mbali imeneyo yankho ndi eya wamkulu. Pa makeke onse, ya zipatso ndi imene imagwirizana ndi slow cooker kuposa ina iliyonse, chifukwa ndi keke yolemera yofuna moto wofatsa nthawi yaitali, mu uvuni anthu ambiri amaipsereza kunja mkati muli phala. Poto wanuyo satentha kufika pomwe uvuni imafika, amangozungulira pa kutentha kwa madzi owira, ndiye kupserera nkovuta. Magetsinso amadya ochepa, ambiri ndi mawati 200 mpaka 300 pomwe uvuni imapitirira 2000, abwana sadzaona nkomwe kusintha pa mita.

Gulani paketi ya zipatso zouma zosakaniza ya 500 g, zija zolembedwa kuti za keke, muli mphesa zouma zakuda ndi zofiirira ndi timakoko ta malalanje. Kumeneko nzotchipa kusiyana ndi kuno poti mphesazo amaumitsa konko, cha ku Upington m'mbali mwa mtsinje wa Orange. Muziike mu poto wamba pa ka stovu kanu kaja, muthiremo kapu imodzi ya tiyi wakuda wamphamvu wopanda mkaka (ngati wina wabwera ndi Chombe kuchokera kumudzi ndiye mwalemera), majarini 125 g ndi kapu imodzi ya shuga wa bulauni. Ziwire pang'onopang'ono mphindi 10 mukutakasa, muphule, muthire kasupuni kamodzi ka soda, muona zikuchita thovu musaope ndi momwemo. Kenako muzisiye zizizire mpakana chala chizitha kukhalamo osapsa. Apa ndi pomwe anthu opupuluma amalakwitsa, amaswera mazira mu zinthu zotentha mazira aja nkupsa, keke nkutuluka ndi timadontho toyera. Zikazizira menyani mazira 2 muthire, kenako makapu 2 a fulawa, tisupuni 2 ta bekingi pauda, kasupuni ka sinamoni kapena zokometsera zosakaniza zija za keke, ndi mchere wongotsina. Mukafuna onjezani kamanja ka mtedza wokazinga wochotsa makoko. Sakanizani ndi mthiko mpaka fulawa asaonekenso basi, osamenya ngati mukupanga mandasi.

Tsopano poto wa slow cooker uja. Pakani majarini mkati monse, yalani pepala lophikira makeke pansi ndi m'mbali, muike mapepala awiri chifukwa m'mbalimo ndi momwe mumachokera moto, ndipo musiye pepala lina litalike kutulukira pamwamba kuti mudzagwire potulutsa. Thirani zosakaniza zija, salazani. Chinsinsi chake chili apa: musanavindikire, yalani kansalu kopukutira mbale koyera pakamwa pa poto, chivindikiro chikhale pamwamba pa nsaluyo. Nthunzi ikamakwera imasanduka madzi pa chivindikiro, popanda nsalu madzi aja amadonthera pa keke ndiye pamwamba pamakhala nyathwa. M'mphepete mwa nsaluyo mupindire pamwamba pa chivindikiro isalendewere pa chitsulo chotentha.

Ikani pa high maola 3 mpaka 4, zimatengera poto wake. Maola awiri oyamba osavundukula olo fungo likukopeni bwanji, mukangotsegula kutentha konse kwathawa. Akakwana maola awiriwo tembenuzani mphika wamkati uja mbali yakumbuyo ibwere kutsogolo, mapoto ambiriwa mbali imodzi imatentha kuposa inzake. Poyesa bayani pakati ndi kamtengo kowonda kapena mpeni, kakatuluka kopanda phala yapsa. Pamwamba sipachita bulauni wa uvuni uja koma tiyi ndi shuga wa bulauni zimaipatsa kale mtundu wakuda, palibe adzadziwe. Zimitsani, vundukulani, ikhale momwemo mpaka izizire ndithu musanaikoke. Magetsi akazima muli mkati mophika musatsegule, fundikani poto ndi bulangete mutazula pulagi, akayaka chotsani bulangete mupitirize. Imakoma kwambiri ikagona masiku awiri atatu itakulungidwa, koma poti ya mu slow cooker imakhala yonyowa ndipo December ndi wotentha, ikapitirira sabata isungeni mu fuliji ingachite nkhungu.

Tsopano tikhale pansi pa nkhani yachiwiriyi.

Abambo anuwo sakunama kwenikweni, koma akuuzani theka la nkhani. Pa 18 September 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linagamula kuti munthu wamkulu asamamangidwe chifukwa cholima, kusunga kapena kugwiritsa ntchito chamba payekha pamalo pake, ndipo mu May 2024 a Ramaphosa anasainira lamulo la Cannabis for Private Purposes Act. Zimenezo nzoona. Koma mawu akuti payekha pamalo pake aja ndiye mutu wa nkhani. Kugulitsa sikunaloledwe, kupatsa mwana ndi mlandu, ndipo kudyetsa munthu chinthu chozunguza bongo iye asakudziwa ndi mlandu kumeneko ndi kuno komwe. Komanso kachipinda mukugonako ndi pabwalo pa abwana anu, ganizirani ntchito yanu.

Muyeso mwapemphawo sindikupatsani, osati chifukwa chodzionetsa kupemphera ayi, koma chifukwa m'khitchini mwanumo mulibe njira yodziwira mphamvu ya chamba chomwe chili m'manja mwanu. China nchofooka china nchaukali kangapo, maso sangasiyanitse. Ku Canada komwe analoleza zakudya zachamba mu 2019 amayeza mu labu, ndipo paketi yonse yogulitsa siloledwa kupitirira 10 mg ya THC, mankhwala amene amaledzeretsa mu chambamo, ndipo a zaumoyo kumeneko amauza oyamba kumene kuti asapitirire 2.5 mg. Tangoganizani, kachidutswa kakang'ono ka gramu kovuta kuona ndi maso, inu mukayeza ndi supuni ya tiyi? Ndiye mu keke yodzadza zipatso ndi mtedza sichifalikira mofanana, wina adya chidutswa osamva kanthu mnzake wapafupi nkugwera pampando.

Chomwe anthu osuta sadziwa nchakuti chodya ndi chosuta ndi nyama ziwiri zosiyana. Utsi umalowa m'mapapo nkufika ku ubongo mphindi zochepa, munthu amamva nkusiya. Chodya chimayamba chadikira m'mimba, chimatenga mphindi 30 mpaka maola 2 kuti chiyambe kumveka, nthawi zina mphamvu yake yeniyeni imafika pakadutsa maola 4, ndipo chikadutsa m'chiwindi chimasinthidwa kukhala mankhwala ena otchedwa 11-hydroxy-THC omwe amagwira ubongo mwamphamvu ndithu. Chikagwira chimatha kukhala maola 6 mpaka 12, ena amadzuka nacho mawa lake. Ndiye taonani pa 25 paja, nyimbo zikulira, anthu adya mpunga ndi nkhuku, keke yabwera yokoma fungo la sinamoni labisa chilichonse, munthu wadya chidutswa wadikira theka la ola akuti aaa palibe chikuchitika tandipatsani china, watsitsira ndi mowa womwe umawonjezera mphamvu ya chambacho. Pofika madzulo mtima ukuthamanga, thukuta, kusanza, mantha oti akufa, wina akuti anthu akumulondalonda. Ndipo pa phwando la aMalawi ku Joni sipalephera ana, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndi wina woti ayendetse galimoto kubwerera ku Tembisa usiku. Keke pa tebulo siisankha dzanja.

Za mayi anu ndiye ndikukanirani poyera. Mayi achikulire omwe sanalaweko chinthu chotere, mwina akumwa mankhwala a BP, adye keke ya mwana wawo ndi tiyi mokondwa agawireko zidzukulu ndi anzawo a Mvano omwe abwera kudzacheza, kenako nyumba iyambe kuzungulira, chizungulire chiwagwetse pakhomo popita kubafa athyoke chiuno, onse pamudzi aziti alodzedwa inu muli ku Randburg foni ili m'manja. Mwamuna amene akuti tisawauze angakane akudziwa kale kuti mayiwo sakufuna. Mawu amenewo ine andikhumudwitsa kuposa chambacho, ndipo mungachite bwino kudzifunsa kuti nanga inuyo adzakudyetsani chiyani osakuuzani.

Njiranso yake muiganizire. Katundu wa transipota amadutsa Beitbridge kulowa Zimbabwe, Nyamapanda kulowa Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue kenako Mwanza. Maiko atatu amenewo palibe ndi limodzi lomwe limalola chamba chongosangalalira, chigamulo cha khoti la ku Joni chimathera pa mlatho wa Limpopo. Chikapezeka womangidwa ndi transipota wosalakwa, kapena mlongo wanu amene wapita kukalandira katundu pa Wenela dzina lake litalembedwa pa katoni.

Miyendo yopweteka ndi kusowa tulo kwa munthu wamkulu nthawi zambiri kumakhala ndi gwero lake, shuga, BP, nyamakazi, nkhawa. Atumizireni ya transipoti apite pa chipatala cha boma pa Balaka pomwepo akayezedwe. Keke atumizireni ndithu, yopanda kanthu, mukulunge bwino ndi foyilo muike m'chitini chotseka.

Anti muli bho? Ine ndi mnyamata wa zaka 24, ndinamaliza koleji koma ntchito njee. Ndimatha kuphika makeke ndipo anzanga akuti space cake, keke yothira chamba ija, ili ndi msika heve kwa ma guys a m'makoleji ndi m'ma party. Poti boma linaloleza chamba mu 2020 ndikufuna ndiyambe geni imeneyi, laisensi yake amatenga kuti?

Mphwanu wa ku Area 25, Lilongwe

Mphwanga, amene anakuuza kuti boma linaloleza chamba anamva nkhani pa minibasi. Chomwe aphungu anavomereza mu February 2020 ndi lamulo la Cannabis Regulation Act, lolola kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, monga chopangira mafuta, nsalu ndi zingwe, kwa okhawo amene apatsidwa chilolezo ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Chosuta ndi chodya pofuna kuledzera chikadali choletsedwa pansi pa Dangerous Drugs Act, nchifukwa chake mpaka lero umamva apolisi agwira matumba pa msewu wochokera ku Nkhotakota. Laisensi yogulitsira keke yachamba m'ma hostel kulibe ofesi yomwe imapereka. Ukagwidwa khoti silidzaona keke, lidzaona chamba, ndipo iwe udzakhala wogulitsa osati wongopezeka nacho.

Ndikuuze zomwe zinachitika ku Soshanguve, kufupi ndi Pretoria, mu September 2023. Ana pafupifupi 90 a sukulu ina ya pulayimale anathamangira nawo kuzipatala atadya timakeke tomwe anagula kwa ogulitsa panjira popita kusukulu, tomwe akuti munali chamba. Ana ena a zaka zoyambira sukulu, kusanza, m'mimba kupotokola, ena kuona zinthu zoti palibe. Ogulitsawo anamangidwa. Keke ikachoka m'manja mwako sudziwa ithera mkamwa mwa ndani, wogula ndi wa ku koleji inde koma akaisiya mu fuliji ya kwawo komwe kuli kamlongo kake ka sitandade 2. Ngakhale ku South Africa komweko nkhani ya zakudya zachamba sinakhazikike, mu March 2025 nduna ya zaumoyo a Aaron Motsoaledi analetsa kugulitsa zakudya zilizonse zokhala ndi chamba, patangopita masabata ochepa chiletsocho anachichotsa anthu a bizinesi ya hemp, chamba cha mafakitale chija, atadandaula kuti sanafunsidwe.

Chinanso, anzako akufuna uwagulitsewo ndi a msinkhu umene ubongo ukadali kukhwima, ndipo kafukufuku wa madokotala wakhala akuonetsa kuti chamba champhamvu chogwiritsidwa ntchito pafupipafupi pa msinkhu umenewu chimakweza chiopsezo cha matenda a misala, makamaka kwa amene kubanja kwawo vutoli lilipo kale. Ukafuna kumva zambiri kacheze ndi ogwira ntchito ku St John of God konko ku Lilongwe kapena ku Zomba Mental.

Luso uli nalo kale. Nyengo ya maukwati ndi ma bridal shower anthu amasowa wophika keke ya zipatso yeniyeni, ambiri amangopaka utoto pa siponji. Tenga njira ndapereka pamwambayo, phika imodzi, idule tizidutswa ukalawitse amayi a komiti ya ukwati kutchalitchi kwanu, jambula bwino uike pa status ya WhatsApp ndi mtengo wake.

Anti ndithandizeni. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK. Loweruka lapitali kunali kaphwando kwa mnzathu wina, ndinadya keke chidutswa chimodzi ndi theka, patapita ola ndi kanthu ndinayamba kumva ngati miyendo si yanga, mtima gugugu, ndinalira ndikuitana mayi anga omwe anamwalira kale. Mawa lake ndi pomwe mwini nyumba ananena akuseka kuti munali zinthu. Ndili ndi manyazi komanso mantha, kodi zandiwononga m'thupi? Nanga kuntchito akandiyeza?

Wodandaula, Leeds

Pepani kwambiri achemwali. Manyazi asakhale anu, akhale a amene anakudyetsani nkumaseka. Zomwe mwafotokozazo, miyendo kuchita ngati ya wina, mtima kuthamanga, mantha a imfa, ndi momwe chamba chodya chimachitira chikachuluka kwa munthu wosachizolowera. Kwa munthu wamkulu wathanzi kudya kamodzi kotere kawirikawiri kumatha pakokha osasiya chilema. Koma ngati mpaka pano mtima ukumathamangabe, simukugona, kapena mukumva mawu ndi kuona zachilendo, imbani 111, nambala ya azaumoyo kumeneko, kapena kaonaneni ndi GP, dokotala wanu uja, ndipo mukanene zoona zonse.

Za kuyezedwa, kwa munthu amene wadya kamodzi kokha zizindikiro zimaoneka mu mkodzo kwa masiku ochepa, za masabata zija ndi za osuta tsiku ndi tsiku. Chomwe ndingakulangizeni nchakuti musunge umboni. Lembani tsiku, nthawi, ndi amene analipo, ndipo ngati mwini nyumbayo anavomera pa meseji jambulani musunge. Ku UK chamba chili mu gulu la Class B, kupezeka nacho chilango chimatha kufika zaka 5 ndipo kupatsa ena, olo mwaulere, chimatha kufika zaka 14, kuthirira munthu mu chakudya asakudziwa ndi mlandu winanso pawokha. Kukanena kupolisi kapena ayi chisankho nchanu, ndikudziwa kuti pakati pa aMalawi okhaokha kunja nkhani zotere zimavuta, mawa mukumana kutchalitchi. Koma osachepera mumuuze maso ndi maso kuti anachita zoipa, ndipo anzanu ena amene amapita ndi ana kunyumba imeneyo adziwe. Mwayi wake simunayendetse galimoto usiku umenewo, ku England malire a THC m'magazi a woyendetsa ndi otsika kwambiri moti chidutswa chimenecho chikanakulanditsani laisensi.

Poti owerenga ena zidzawaonekera, ndinene pano. Munthu wamkulu akadya mwangozi, mukhazikeni pamalo a phee, wina akhale naye azimuuza kuti zitha, amwe madzi pang'onopang'ono, osampatsa mowa, akagona agone chammbali kuti akasanza asatsamwe. Akamva kupweteka pachifuwa, akamavutika kupuma kapena osadzuka mukamugwedeza, kuchipatala msanga. Akakhala mwana ndiye palibe zodikira, mukangoona akusinza modabwitsa, akudzandira, maso ali lobodo, nyamukani nthawi yomweyo mutatenga chotsala cha kekeyo. Zomumwetsa mkaka kapena kumupisa chala kukhosi kuti asanze zisiyeni, mkaka suchotsa kanthu ndipo mwana wosinza akhoza kutsamwa. Kwa adokotala musabise poopa apolisi, akadziwa chomwe mwana wadya amathandiza mwachangu. Ndipo inu oweta agalu, keke ya zipatso olo yopanda chamba musamaponyere galu, mphesa zouma zimawononga impso zake.

Zikomo Anti chifukwa cha tsamba lanu. Ife kuno magetsi tilibe ndiye za slow cooker timangomva. Keke ya zipatsoyo pa mbaula ingatheke? Komanso zipatso za m'paketizo kuno kulibe.

Mayi a mapasa, Mayani, Dedza

Ingatheke bwinobwino mayi, ndipo ngati mumaphika chigumu ndiye theka la ntchito mukulidziwa kale. Kusiyana kwake nkwakuti iyi imafuna moto wochepa kwambiri kwa nthawi yaitali. Tengani sefuliya yaikulu, thirani mchenga wouma wa kumtsinje pansi wokwana zala zitatu, muutenthetse kaye. Zosakaniza zija muike m'kapoto kakang'ono kopaka majarini ndi kuyala pepala, mukakhazike pamchengapo osakhudza m'mbali mwa sefuliya. Vindikirani ndi chibaba kapena chivindikiro chachitsulo, makala ambiri akhale pamwamba, pansi musiye ochepa okutidwa ndi phulusa. Muziwonjezera makala pang'onopang'ono, pakatha ola ndi theka yambani kuyesa ndi kamtengo, nthawi zambiri imafika maola awiri kapena kupitirira. Pamwamba pakayamba kuda msanga chepetsani makala a pachivindikiro.

Za zipatso musadandaule. Mango akachuluka adulenidule mopyapyala muyanike pa thandala loyera mutaphimba ndi kaneti kuti ntchentche zisatere, nthochi zakupsa chimodzimodzi, ndipo kwanu ku Dedza mapichesi mumangowataya nthawi yake, amenewonso amauma bwino. Makoko a lalanje kapena ndimu chotsani zoyera zamkati zija zimawawa, muwadule tating'ono muwiritse ndi shuga mpaka anyezimire. Zouma zapakhomozi zimalimba kuposa za m'paketi, ndiye muzidule tizidutswa tofanana ndi njere ya chimanga, muziviike mu tiyi uja usiku wonse musanaziwiritse, ndipo muonjezere theka la kapu ya tiyi pa muyeso ndapereka uja chifukwa zimamwa madzi ambiri.